Kodi Mumadziwa? Zithunzi za Kulapa ndi Njira Zimene Zinadzera Pofika ku Bandawe

Kodi mumadziwa kuti amishoni amene anamanga Bandawe, pakati pa Chintheche ndi Kande, anachokera ku mpingo umene sunkafuna zithunzi m'nyumba yopemphereramo? Anali a Free Church of Scotland, zidzukulu za chiphunzitso cha John Calvin ndi John Knox. Mu Meyi 1559 Knox analalikira mumzinda wa Perth modzudzula mafano, ndipo ulaliki utangotha khamu la anthu linaswa zosema, maguwa ndi zojambula za m'matchalitchi a mumzindawo. Kuyambira nthawi imeneyo tchalitchi cha Chipresibateriya chinatsala ndi khoma loyera, gome, Baibulo ndi nyimbo basi. N'chifukwa chake mukalowa m'tchalitchi cha CCAP cha m'mbali mwa nyanja muno simuyembekezera kuona Petro akulira pakhoma, kapena njira ya mtanda monga kwa Akatolika. Komatu zithunzi za kulapa zinafika ndithu m'midzi ya Atonga. Zinalowera khomo lina: papepala, m'thumba la mlaliki, m'katundu wa obwerera kuchokera ku Joni, pa kalendala ya pabalaza.

Kodi mumadziwa kuti ku Scotland kwawoko, m'malo mojambula munthu wolapa, ankaonetsa munthu weniweniyo? Matchalitchi anali ndi kampando kapadera kutsogolo. Wopezeka ndi mlandu wa chigololo, kuledzera kapena kuswa Sabata ankakhala kapena kuimirira pakampandoko mpingo wonse ukuona, masabata angapo otsatizana malinga ndi kukula kwa mlandu, nthawi zina atavala chiguduli, abusa akumudzudzula. Wojambula David Allan, amene anamwalira mu 1796, anajambula mwambo umenewu ndipo chithunzicho chinasindikizidwa: mnyamata ali chilili pamwamba, mtsikana amene anamupatsa mimba akulira munsi, mayi a mtsikanayo akumuyang'ana mnyamatayo ndi diso lamkwiyo. Pofika nthawi imene amishoni ankabwera ku Bandawe kampandoko kanali katatha ntchito, koma bwalo la sesoni, kudulidwa ndi kubwezeredwa ku mgonero zinawoloka nyanja zamchere n'kudzakhazikika kuno.

Zachangu zitatu. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo likulu lake linakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Malungo amene anawathamangitsa ku Cape Maclear anawapezanso ku Bandawe, manda a amishoni pafupi ndi tchalitchi chakale ndiwo mboni. Chipangano Chatsopano m'Chitonga, ntchito imene A. G. MacAlpine anaithera zaka zambiri, chinatuluka mu 1921.

Kodi mumadziwa kuti mu 1910 kudera lino kunali kulapa kwa chigulu kumene kunadzidzimutsa ngakhale amishoni eni ake? Mlaliki Charles Inwood, wa misonkhano ya Keswick ku England, anayendera Loudon, Ekwendeni, Bandawe ndi Livingstonia. Anthu zikwizikwi anasonkhana, ambiri akulira mokweza ndi kuulula machimo awo poyera. Amishoni ena anati ndi Pentekoste. Ena anachita nthumanzi, poona kuti misozi yachuluka kuposa dongosolo.

Tsopano nachi chachikulu. Kodi mumadziwa kuti kabuku ka Mtima wa Munthu, kamene alaliki a pamsika ndi a m'basi amakatambasula ndi changu chija, kholo lake ndi ansembe a Chikatolika?

Amene anakaonapo akukumbukira chithunzi choyamba. Pamwamba pali nkhope ya munthu, munsi mwake muli chimtima chachikulu chotsegulidwa. M'katimo mwadzaza nyama zisanu ndi ziwiri. Pikoko watambasula nthenga, ndiye kunyada. Tonde, amene m'makope ena ndi galu, ndiye chiwerewere. Nkhumba ndi kususuka ndi uchidakwa, kamba ndi ulesi, nyalugwe ndi mkwiyo, njoka ndi kaduka ndi chinyengo, chule ndi umbombo. Pakatikati paima Satana ngati mwininyumba. Chapamwamba pali diso ndi kanyenyezi kozilala koimira chikumbumtima, ndipo nkhunda ili kunja chifukwa m'kati mulibe malo. Mukatsegula masamba otsatira, nyama zija zimayamba kutuluka imodziimodzi, zina zikucheuka ngati zaiwala kanthu. Kenaka mtanda umaoneka mumtimamo. Koma wojambulayo ankawadziwa anthu: patsogolo pali mtima wa munthu wobwerera m'mbuyo, nyama zikusuzumira pakhomo, kenaka zalowanso. Zithunzi zonse ndi 10, ndipo pakati pake pali imfa ziwiri, ya wosalapa ndi ya wolapa.

Kabukuka kanakonzedwera Africa mu 1929 ndi m'mishoni wa ku Switzerland, J. R. Gschwend, ndipo a All Nations Gospel Publishers a ku Pretoria akasindikiza m'zilankhulo zoposa 500. Gschwend anatengera buku la Johannes Gossner la mu 1812. Gossner polemba bukulo anali wansembe wa Chikatolika ku Bavaria, ndipo analowa Chipulotesitanti mu 1826. Iyenso anatengera kope la Chijeremani la mu 1732, lomwe linachokera ku zithunzi za m'Jezwiti wa ku France, Vincent Huby, zimene zinasindikizidwa ku Paris cha m'ma 1680. Choncho mlaliki amene m'mawa akudzudzula Akatolika kuti amapembedza mafano, madzulo n'kutambasula Mtima wa Munthu, wanyamula katundu wa Ajezwiti mosadziwa. Sindikumunyoza. Ndikungoti katunduyo ndi wolimba, wapirira zaka zoposa 300 ndi mipingo yosamwerana madzi.

Koma za kamba ndiye sindikuvomereza. M'nthano zathu kamba ndi mkulu wanzeru, wodekha, amene amagonjetsa othamanga ndi odzitama. Mwana amene usiku wamva agogo akuyamikira kamba, m'mawa ku Sande sukulu n'kuuzidwa kuti kamba ndi ulesi wa Satana, mukuti akhulupirira ndani? Pikokonso ambiri a ife tinayamba kumuonera m'kabuku komweko tisanamuone wamoyo. Machimo ndi athu, koma nyamazo anatisankhira ndi ena.

Asodzi a ku Usisya ndi ku Kande, iyi ndi yanu. Kodi mumadziwa kuti amene anayamba kuphunzitsidwa ndi zithunzi za mtunduwu anali asodzi anzanu? Huby asanabwere, kudera la Brittany ku France komweko kunali wansembe Michel Le Nobletz (1577 mpaka 1652), amene ankalalikira m'madoko a Douarnenez ndi Le Conquet. Anthu ake ambiri sankatha kuwerenga ndipo ankalankhula Chibretoni, osati Chifalansa. Iye anapempha akatswiri ojambula mapu a panyanja kuti amujambulire ziphunzitso pazikopa za nkhosa: mitima, njira za moyo, zombo zopita ku doko labwino ndi zokaswekera pamiyala. Ndipo ena mwa amene anawatuma kukafotokozera anthu zikopazo anali amayi, chinthu chimene chinamuyambanitsa ndi ansembe anzake.

Kodi chithunzi chinkasindikizidwa bwanji kamera isanabwere? Njira yakale kwambiri ndi ya thabwa. Mmisiri amasalaza kathabwa ka mtengo wolimba, amajambulapo chithunzi chotembenuza, kenaka ndi kampeni amagoba malo onse amene akufuna akhale oyera, n'kusiya mizere yokha itatukuka. Akapaka inki pamizereyo amayalapo pepala lachinyezi n'kukhutiza kumbuyo kwake. Ndi nzeru yomweyo ya chidindo cha amfumu pakalata, kungoti chidindo chake n'chachikulu. Kampeni kakangoterereka, mphuno ya mngelo yapita, ndipo sibweranso. Thabwa limodzi linkatulutsa makope mazanamazana, motero mlimi amene sakanatha kugula chojambula cha penti ankagula pepala pamsika n'kukamata pakhoma.

Chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za pathabwa za ku Ulaya zokhala ndi chaka ndi cha mu 1423. Chimaonetsa Christopher Woyera akuwoloka mtsinje, mwana Yesu ali paphewa, m'manja muli ndodo ya mtengo wa kanjedza, nsomba ikusambira pafupi ndi miyendo yake. Mawu a munsi mwake amalonjeza kuti woyang'ana chithunzicho sangafe imfa yoipa tsiku limenelo, kutanthauza imfa yadzidzidzi yosapatsa munthu mpata wolapa. Aliyense amene mwera unamupezapo pakati pa nyanja ali m'bwato akumvetsa chifukwa chake pepala lotere linkayenda malonda. Lero chili ku John Rylands Library mumzinda wa Manchester.

Cha m'ma 1450 kunatuluka kabuku ka zithunzi 11 kotchedwa Ars moriendi, kophunzitsa munthu kafedwe kabwino. Wodwala ali pabedi, ziwanda zikumuyesa kasanu, angelo akumulimbikitsa kasanu. Pa yesero limodzi ziwanda zikumuonetsa nyumba yake, kavalo wake ndi migolo yake ya vinyo kuti mtima ukhale pa chuma.

Kodi mumadziwa kuti mwana wolowerera wa pa Luka 15 anamujambulapo atagwada m'khola la ku Germany? Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, cha m'ma 1496, anagoba chithunzichi pamkuwa. Ojambula ambiri ankakonda gawo la maphwando ndi akazi, poti ndi limene limakopa maso. Dürer anasankha mphindi ya kulapa yeniyeniyo. Mnyamata wagwada pafupi ndi chodyeramo nkhumba, manja wawapinda, nkhumba zikulimbirana chakudya osamulabadira, tiana tankhumba tili pamiyendo pake, tambala akupalasa pamulu wa manyowa. Kumbuyo kuli nyumba zamadenga osongoka za mudzi wa kwawo kwa Dürer, osati za ku Yudeya. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Rembrandt wa ku Netherlands anabwerera ku fanizo lomweli kangapo. Mu 1636 analisindikiza pogwiritsa njira ina: amapaka phula pamkuwa, amajambula ndi singano, kenaka amamiza mkuwawo mu asidi amene amadya mokhamokha modutsa singano. Chakumapeto kwa moyo wake, atagwa pa chuma mu 1656 ndi kuika m'manda mkazi wake ndi ana ake angapo, analijambulanso ndi penti pansalu yaikulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pachithunzi chimenechi muziyang'ana mapazi. Nkhope ya mwanayo yabisika pachifuwa cha bambo ake, mutu ndi wometedwa, nsapato imodzi yavuka ndipo phazi lili pamtunda, inayo yatha chidendene. Mkulu wake waima pambali, wavala bwino, manja wawagwirizanitsa, sakuyandikira. Rembrandt anamwalira mu 1669. Chithunzicho chili ku Hermitage mumzinda wa St Petersburg, kumene chinafika atachigula Catherine Wamkulu mu 1766.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi chija cha njira ziwiri, yotakata ndi yopapatiza, chinachokera m'mutu mwa mayi? Anali Charlotte Reihlen wa ku Stuttgart, mkazi wa munthu wamalonda, ndipo chinatuluka m'zaka za m'ma 1860 potsatira Mateyu 7. Kumanzere kuli chipata chachikulu, malo omwera mowa, nyumba ya zisudzo, ya dansi, ya juga, ya pinyolo, munthu akumenya bulu, nkhondo, ndipo kumapeto moto. Kumanja kuli kakhomo kakang'ono, mtanda, tchalitchi, Sande sukulu ndi kanjira kokwera phiri. Pamwamba pa zonse pali diso. Kope la Chingerezi linatuluka mu 1883 mwa khama la Gawin Kirkham, mlaliki wa panja wa ku London, ndipo m'kope limenelo sitima yapamtunda yoyenda Lamlungu nayonso ili ku njira ya kuchionongeko. Apa m'pamene mumaonera kuti chithunzi cha tchimo chimaulula zambiri za mwini kujambula. Mayi Reihlen ankadana ndi zisudzo ndi dansi. Akanakhala wa ku Mpamba sindikukhulupirira kuti malipenga ndi chilimika zikanapulumuka, pamene wolanda munda wa mayi wamasiye mwina akanasowa malo pachithunzipo.

Zithunzi zamitundu zoterezi zinatchipa chifukwa cha Alois Senefelder, amene mu 1796 ku Munich anatulukira kusindikiza ndi mwala. Amajambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta, amanyowetsa mwalawo, ndipo inki imakakamira pamafuta pokha poti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mtundu uliwonse umafuna mwala wakewake.

Kodi mumadziwa kuti mabuku amene anagwedeza Bandawe mu 1908 ndi 1909 anali ndi chojambula chopindika m'kati? Elliot Kenan Kamwana, Mtonga wa ku Chifira amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa n'kulandira chiphunzitso cha Watch Tower. Buku loyamba la Charles Taze Russell, mwini chiphunzitsocho, m'gulu la mabuku ake, la mu 1886, lili ndi tchati cha nyengo za dziko, chodzaza mizere, mauta ndi timapiramidi, chosonyeza kumene mbiri ya anthu ikulowera. Russell ankaloza 1914. Ku mishoni munthu ankakhala m'kalasi zaka asanabatizidwe, ndipo ambiri anali atatopa kudikira. Kamwana ankabatiza msanga, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la atsamunda linamuchotsa m'dera lino mu 1909, pambuyo pake linamutumiza ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndipo anabwerera kwawo mu 1937.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone anathawitsapo anthu ndi chithunzi? Ankayenda ndi nyali yoonetsera zithunzi zapagalasi pansalu. Mu Januwale 1854, kwa mfumu Shinte kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ya lero, anaonetsa Abrahamu atakweza mpeni pa Isake. Posuntha galasilo, mpeni unaoneka ngati ukulunjika amayi amene anakhala mbali imeneyo, ndipo anabalalika akukuwa. Shinte sanasunthe, kenaka anapita kukayang'anitsitsa makinawo. Livingstone yemweyo anadzadutsa m'gombe lino pabwato mu 1861.

Kodi mumadziwa kuti Mariya wa ku Magadala, amene ojambula amuliritsa kuposa wina aliyense, Uthenga Wabwino sunena kuti anali mkazi wachiwerewere? Mu 591 Papa Gregory Woyamba polalikira anamuphatikiza ndi mkazi wochimwa wa pa Luka 7 komanso Mariya wa ku Betaniya, ndipo mbiri imeneyo inamumatirira zaka zoposa 1,300. Donatello anamusema pamtengo cha m'ma 1455 ali wowonda, mano ataguluka, atafunda tsitsi lake lokha. Madzi osefukira a mu 1966 ku Florence ataononga chosemacho, ochikonza anapeza kuti tsitsilo poyamba linali lopakidwa golide. Mpingo wa Katolika unawalekanitsa amayi atatuwa pa kalendala yake mu 1969, ndipo mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake la 22 Julayi kukhala chikondwerero. Zithunzi zakale zija sizinamve, zikadamuliritsabe.

Chinachulukitsa misozi m'zithunzi ndi mkangano. Apulotesitanti atakana kuti kulapa kwa wansembe ndi sakramenti, msonkhano wa ku Trent (1545 mpaka 1563) unalimbikira pomwepo, ndipo ojambula anapatsidwa ntchito yoonetsa oyera mtima akulira. El Greco yekha anajambula misozi ya Petro kangapo, makiyi ali m'chiuno, maso ali kumwamba. Petro yemweyo ndiye mwini dzina la tchalitchi chachikulu cha Anglican pa Likoma, patsidya pa nyanja, chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo oganiziridwa ufiti. Kumeneko zosema ndi magalasi amitundu n'zololedwa. Ulendo umodzi wa Ilala ukuchotsani ku khoma loyera n'kukufikitsani ku mawindo okhala ndi nkhope.

Nanga buku lopanda mawu mukulidziwa? Charles Spurgeon analalikira nalo ku London mu 1866: tsamba lakuda la tchimo, lofiira la magazi a Yesu, loyera la mtima wotsukidwa. Amishoni analikonda chifukwa silifuna womasulira. Koma kuuza mwana wa khungu lakuda sabata ndi sabata kuti kuda ndi tchimo, kuyera ndi chipulumutso, kumasiya chipsera chimene wolalikirayo sachiona. Aphunzitsi a Sande sukulu, tsambalo mukhoza kulitcha la mdima kapena la litsiro, uthenga suchepa.

Zina zachangu. Nkhope ya Yesu wa tsitsi lofiirira loyenda m'mapewa, yofala pamakalendala, anaijambula Warner Sallman ku Chicago mu 1940, ndipo yasindikizidwa koposa ka 500 miliyoni. Pa chithunzi cha William Holman Hunt cha m'ma 1850, cha Yesu atanyamula nyali akugogoda, chitseko chilibe chogwirira kunja, wotsegula ndi wa m'kati. Ndipo Sisitere Faustina Kowalska ataona chithunzi choyamba cha Chifundo cha Mulungu, chimene Eugeniusz Kazimirowski anajambula ku Vilnius mu 1934, analira chifukwa sichinakongole monga ankafunira. Chimene chafala kwambiri m'maparishi ndi china, cha Adolf Hyła, cha m'ma 1940.

Mfundo ija ya Dürer ndi iyi. Kodi mumadziwa kuti m'zaka za m'ma 1970 Akhristu a mtundu wa Mafa kumpoto kwa Cameroon ankasewera nkhani za Uthenga Wabwino m'midzi mwawo, ndipo masewerowo anasanduka zithunzi zoposa 60 zotchedwa Jesus Mafa? M'menemo mwana wolowerera ndi wakuda, bambo ake ndi akuda, nyumba ndi zofolera ndi udzu. Kuno kwathu a KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, achita zofanana ndi zimenezi pamitengo ndi pamakoma. Ena amati kutero n'kusintha Baibulo. Ngati ndi choncho, woyamba kuitanidwa ku sesoni akhale Dürer ndi nkhumba zake za ku Nuremberg.

Kodi mumadziwa kuti zithunzi zotchipa ndi zimene zimasowa msanga? Mwa zikwizikwi zimene zinasindikizidwa m'zaka za m'ma 1400 zatsala zochepa kwambiri, zambiri kope limodzi lokha. Christopher uja anapulumuka chifukwa wina anamumata m'kati mwa chikuto cha buku ku nyumba ya amonke ya Buxheim. Kunyanja kuno adani ndi chinyezi, chiswe, mphemvu ndi utsi. Lamulo limafuna kuti buku lotulutsidwa m'Malawi lipereke kope ku National Archives ku Zomba, koma pepala losindikizidwa ku Pretoria kapena ku London silili pansi pa lamulo limeneli. Ngati kwanu kuli kope lakale la Mtima wa Munthu kapena la njira ziwiri, musalimate ndi selotepi ndipo musalipinde. Liyaleni pakati pa mapepala oyera ouma, kutali ndi khoma lonyowa, ndipo papepala lapadera mulembe dzina la mwini wake, mudzi ndi kumene analitenga.